Nsaru ya Zigamba ya ku Etwatwa

Nkhani yathu ya lero ndi ya kanthu kamene ambiri a ife timakapeputsa, ndiko cigamba ca nsaru. Kwathu kuno munthu wobvala malaya a zigamba amakhala kumbuyo pa msonkhano cifukwa ca manyazi, ndipo tizidutswa totsala pansi pa makina a telala timangosesedwa pamodzi ndi zinyalala. Koma ku South Africa kuli mudzi wina kumene tinsaru tating'ono tinadzutsa manja a amai amene anali atalefuka. Kuti timvetse bwino, tiyambe taona mbiri ya dziko limene mudziwo ulimo.

Kum'mawa kwa Johannesburg kuli mizinda ya Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs, imene kale inali kuchedwa East Rand. Mizinda imeneyi inakula cifukwa ca migodi, golidi atapezeka m'dera limenelo m'caka ca 1886. Makolo athu a ku Nyasaland anali kuidziwa bwino, pakuti ambiri anagwira nchito kumeneko, ena polembedwa ndi Wenela, ena poyenda okha ulendo wa pansi. Pobwerera kwao anali kutenga mabulangeti, njinga ndi makina osokera a Singer, ndipo ena a iwo anasanduka atelala pa makonde a masitolo. Ulendo wa Wenela unaima m'caka ca 1974, pamene ndege yonyamula anthu a ku Malawi inagwa ku Francistown nipha anthu oposa 70.

Pafupi ndi Benoni boma linamanga lokeshoni ya anthu akuda yochedwa Daveyton, ndipo anthu anayamba kulowamo m'caka ca 1955. Malo atacepa, m'mphepete mwace munaphuka mudzi wina waukuru, dzina lace Etwatwa. Zaka zotsatira zinali zowawa. Migodi inayamba kutsekedwa umodzi umodzi, amuna nasowa nchito. Kuyambira 1990 kufikira 1994 kunabuka nkhondo ya zipani, makamaka ku Thokoza ndi ku Katlehong, imene inapha anthu zikwi zingapo. Daveyton nayenso anaika maliro ace. Nkhondo itatha, matenda a Edzi anatenga anyamata ndi atsikana, nasiyira agogo nchito yolera ana amasiye. M'caka ca 2000 mizinda yonseyi inaphatikizidwa pansi pa ulamuliro umodzi, nipatsidwa dzina la Citsonga lakuti Ekurhuleni, ndiko kunena malo a mtendere. Koma dzina lokha silidzetsa mtendere mumtima mwa munthu wamasiye wopanda cocita.

M'caka ca 2002 amai ena a ku Etwatwa anayamba kusonkhana kuti azisoka, mothandizana ndi mmisiri wa zojambula, mai Celia de Villiers. Gulu lao analicha Intuthuko, liu la Cizulu limene ife timati citukuko. Sanayambe ndi nchito yaikuru ai. Mai ali yense anali kutenga kansaru kace, singano ndi ulusi wamitundumitundu, napetapo zimene maso ace anaziona: nyumba, ziweto, ana, anthu a m'mseu.

Tsono cifukwa ninji kansaru kakang'ono? Munthu wolefuka mukampatsa munda wonse kuti alime, angoyang'ana udzu, khasu naliika pansi. Koma mukamuonetsa mzere umodzi, aulima nautha, ndipo akaceuka mtima umuuza kuti ayambe wina. Kansaru kali momwemo. Mtengo wace ngwocepa, kotero munthu saopa kukaononga. Kalowa m'thumba, ndipo mai akhoza kukasoka podikira kuti mphika upse. Pakupita masiku owerengeka katha, ndipo mwini wace ali naco cinthu m'manja cimene dzulo panalibe. Akuru anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Mtolowo unaoneka m'caka ca 2004, pamene South Africa anakwanitsa zaka 10 za ufulu. Sukulu yaikuru ya UNISA ku Pretoria inakonza nchito yochedwa Journey to Freedom, yotsogozedwa ndi mai Gwenneth Miller ndi mai Wendy Ross. Amai a Intuthuko anagwirizana ndi gulu lina la osoka la Boitumelo la ku Hillbrow, napeta zimene anakumbukira za masiku a tsankho ndi za kudza kwa ufulu. Tinsaru tao tinalumikizidwa nitisanduka nsaru zazikuru zopacika pa khoma. Zithunzi za pa nsaruzo zinalowetsedwa m'kompyuta kuti ziziyenda ngati kanema, ndipo zinaonetsedwa pamene kwaya ya sukuluyo inali kuyimba nyimbo za ufulu. Motero mbiri imene kawirikawiri imalembedwa ndi anthu ophunzira m'mabuku, tsiku limenelo inanenedwa ndi singano za amai a m'lokeshoni.

Tikayang'ana nsaru yotere, msoko uli wonse uonekera, ndipo cigamba ciri conse cisiyana ndi cinzace. Palibe cobisika, ndipo ubwino wace uli pomwepo: dzanja la mai ali yense lizindikirika, koma nsaru ndi imodzi.

Tsono inu amene munali ndi luso la manja, koma mabvuto anakutayitsani mtima, makina agwira dzimbiri ndipo singano inasowa m'denga, musadikire kuti cifuniro cibwere cokha. Kawirikawiri cifuniro cimatsata manja, sicitsogola. Pitani kwa telala mukapemphe tizidutswa ta pansi pa makina, mudule tinai tofanana, mutilumikize madzulo ano kusanade. Mawa muonjezepo tina tinai. Mwezi usanathe mwana wa m'nyumba mwanu adzakhala naco cofunda.