Manambala atatu amene amatsimphinitsa kanema: 24, 50 ndi 60

Amene anaonerapo bola m'tinyumba toonetsa kanema ta m'mbali mwa Great East Road, kuchokera ku Chongwe mpaka ku Rufunsa, akuidziwa nthenda iyi. Goloyi akaumenya mpira patali, kamera n'kuutsatira, chithunzi chimayenda ngati munthu wotsimphina. Ena amati ndi netiweki, ena amati laputopu yakalamba. Nthawi zambiri onsewo amakhala atalasa padera. Gwero lake ndi manambala atatu amene anasankhidwa kutsidya kwa nyanja agogo athu asanaone n'komwe TV: 24, 50 ndi 60.

Tiyambe ndi 24. Filimu ndi zithunzi zoima zimene zimalandizana mofulumira mpaka diso kunyengeka. M'masiku a mafilimu opanda mawu, wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja, choncho liwiro linkasiyanasiyana: zithunzi 16 pa sekondi kapena kuposerapo. Mawu atalowa, monga mu The Jazz Singer ya 1927, mwambo umenewo unatha. Mawu safuna liwiro losinthasintha, apo ayi woimba amamveka ngati waledzera. Makampani a ku America anakhazikika pa zithunzi 24 pa sekondi. Zinali zokwanira kuti mawu amveke bwino, komanso sizinkamaliza msanga tepi ya filimu, imene inali yodula. Mpaka lero mafilimu ambiri amajambulidwa pa 24.

TV inabwera ndi masamu akeake, otengera malaiti. Magetsi a m'mawaya amapita n'kubwerera kambirimbiri pa sekondi: maulendo 60 ku America, 50 ku Britain ndi ku Ulaya. Ndicho chimene chimalembedwa kuti 60 Hz kapena 50 Hz kumbuyo kwa chaja yanu. Ma TV oyambirira ankasokonezedwa ndi kugunda kumeneku, ndipo chithunzi chikasemphana ndi magetsi pankaoneka mizere yoyendayenda pa sikirini. Akatswiri anangomangirira chithunzi ku magetsiwo. BBC itayamba kuulutsa mu 1936 inkatumiza zithunzi 25 pa sekondi, chilichonse chogawidwa pawiri kuti zikwane 50. America inatenga 30 ndi 60. Mu 1953, poika mitundu pa TV yawo, anthu a ku America anachepetsako liwiro pang'ono kuti mtundu usalimbane ndi mawu, ndipo 60 inakhala 59.94. N'chifukwa chake mafilimu ambiri amene mumakopera kwa anyamata a pamsika amaonetsa nambala yachilendo ya 23.976 m'malo mwa 24.

Ife sanatifunse. Northern Rhodesia inali m'manja mwa Britain, choncho malaiti athu anakhala a 50. Damu la Kariba, lomalizidwa mu 1959, linatulutsa magetsi a 50, ndipo ZESCO ikugawa omwewo lero. TV inayamba ku Kitwe mu 1961. Mitundu itafika, dziko lino linatenga njira ya PAL, imene anaikonza Walter Bruch wa kampani ya Telefunken ndipo inayamba kugwira ntchito ku Britain ndi ku West Germany mu 1967. South Africa, kumene kumachokera SuperSport, inatenganso PAL itatsegula TV yake mu 1976. Ndiye nyuzi za ZNBC ndi masewero a Premier League onse amayendera 25 kapena 50.

Nanga filimu ya 24 inkalowa bwanji mu TV ya 25? Ankangoithamangitsa. Ife amene tinakulira m'komboni tikuonera Rambo ndi mafilimu a karate pa matepi a VHS, tinkaonera zinthu zothamanga ndi 4 pa 100 alionse. Filimu ya maola awiri inkatha mphindi pafupifupi zisanu nthawi isanakwane, ndipo mawu a Stallone ankakwera pang'ono kuposa mmene amalankhulira. Palibe ankadandaula, chifukwa chithunzi chinkayenda myaa. Ku America ankachita zina: chithunzi chimodzi ankachionetsa katatu, chotsatira kawiri, kuti 24 ikwane mu 60. Kumeneko filimu inkasunga nthawi yake koma inkagwedera.

Kompyuta inakulira ku America. IBM itatulutsa VGA mu 1987, sikirini ya madontho 640 kwa 480 inkalembedwa maulendo 60 pa sekondi, ndipo 60 inakhala chizolowezi. Laputopu yogula ku Town Centre mu Lusaka, kaya inadzera ku Dubai kaya ku China, imafika itaikidwa pa 60. Tsono werengani nane. Bola ikubwera ndi zithunzi 50, sikirini ikufuna 60. Pa zithunzi zisanu zilizonse, chimodzi chiyenera kuonetsedwa kawiri, ndipo zimenezi zimachitika kakhumi pa sekondi. Kumeneko ndiye kutsimphina kuja. Vidiyo ya 25 nayo sigawika bwino: 60 kugawa ndi 25 ndi 2.4, choncho zithunzi zina zimakhalitsa kuposa zinzake.

Msuweni wanga ali ndi kanyumba koonetsa kanema ku Rufunsa: sola padenga, laputopu yolumikiza ku TV yaikulu ndi chingwe cha HDMI. Makasitomala atayamba kusamukira kwa mnzake woonetsa ndi dikoda, ponena kuti kwa iye maso amawawa, anatsala pang'ono kugulitsa mbuzi ziwiri kuti agule kompyuta ina. Dikoda ija inkangotumiza 50 ku TV, basi. Titalowa mu Advanced display ya Windows n'kusintha 60 kukhala 50, mpira unayamba kuuluka bwinobwino, mbuzi n'kutsala m'khola. Ma TV ogulitsidwa kuno amalandira 50 popanda vuto, ndipo ambiri amalandiranso 24 ya mafilimu. Pulogalamu ya Kodi ili ndi batani lotchedwa Adjust display refresh rate, limene limasintha lokha malinga ndi chimene mwaika. Okonda kufufuza amafika polemba okha nambala yawoyawo, chifukwa 23.976 ikaonetsedwa pa 24 yeniyeni, chithunzi chimodzi chimabwerezedwa pa masekondi pafupifupi 42 alionse.

Matepi anatha, PAL inalowedwa m'malo ndi dijito, koma manambala aja akadali m'thumba mwanu. Mafoni atsopano amanyadira sikirini ya 120 Hz. Nambala imeneyi imagawika bwino ndi 24, 30 ndi 60, koma osati ndi 25 kapena 50 yathu. Kamera za mafoni ambiri zimajambula pa 30, pamene mababu ambiri oyaka ndi magetsi a ZESCO amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Ndicho chifukwa chake vidiyo ya chilanga mulilo kapena ya kwaya yojambulidwa m'holo usiku nthawi zina imatuluka ndi mizere yakuda yoyenda. Inu amene mukujambula nyimbo ndi masewero ku Kanyama, ku Mtendere kapena ku Mpanshya, musanayambe fufuzani ngati kamera yanu ikulola 25 kapena 50, ndipo muiike pamenepo.