Mota Ziwiri za Makina Osema Chitsulo

Pamene akatswiri a ku MIT, m'dziko la America, anaonetsa m'chaka cha 1952 makina osema chitsulo motsata malangizo obooledwa pa tepi, ganizo limene John Parsons analiyamba pokonza mapiko a helikopita, udindo woyendetsa mpeni anaupereka kwa servo, ndiyo mota yobweza mawu nthawi zonse kunena pamene yafika, kuti ikasokera iwongoledwe msanga.

Koma ku Japan, Seiuemon Inaba ndi anzake a ku Fujitsu anatsata njira ina mu 1959, napanga mota yoyenda masitepe owerengeka, yothandizidwa ndi mafuta opanikizidwa. Ndipo inatumikira mokhulupirika kufikira mafuta atakwera mtengo mu 1973, ndipo pambuyo pake kampani ya Fanuc, yomwe inachokera ku Fujitsu, inatembenukira ku servo yamagetsi.

Mota yoyenda masitepe, yotchedwa stepper, sinafe ayi, pakuti mmisiri wa chuma chochepa amaikondabe, ndipo sindimdzudzula. Masitepe ake 200 pa kuzungulira kumodzi amakwanira ntchito zambiri. Komatu safunsa anadya phula: mpeni ukakakamira m'thabwa lolimba, mota nkudumpha masitepe, iyo imangopitirira osadziwa kanthu, ndipo mabowo onse otsatira amagwera pamalo olakwika.