Kiriketi ya Kumudzi: Kuchokera ku Hambledon Kufika kwa Kanduku

Ambiri a ife tikamva za kiriketi timaganiza za azungu ndi amwenye ovala zoyera mbee, akusewera pa kapinga wometedwa bwino kuseri kwa mpanda. Timati amenewo ndi masewero a anthu a ndalama, a m'tauni, osayenera mwana wa kumudzi. Koma mbiri ikunena zina. Kiriketi idabadwira kumudzi, idaleredwa ndi anthu wamba, ndipo kumene anthu a kumudzi adailandira ngati yawo idamera mizu. Ndifuna tiyende pamodzi m'mbiri imeneyi kuti tione chifukwa chake kwathu kuno zidayenda mosiyana.

Umboni wakale kwambiri wa masewerowa udapezeka pa mlandu wa malo. M'chaka cha 1598, m'tauni ya Guildford ku England, anthu adakanganirana kachigawo ka malo, monga momwe timachitira ife pabwalo la amfumu. Mboni ina, John Derrick, bambo wa zaka 59, adalumbira kuti iye ndi anzake a pasukulu ankasewera kiriketi pamalo amenewo zaka pafupifupi 50 m'mbuyomo. Onani tsono kuti oyamba kutchulidwa m'mbiri ya kiriketi sadali mabwana ayi, koma ana a sukulu.

Kuchokera kwa ana, masewerowa adalowa m'midzi ya kumwera kwa England. Malamulo akale amene alipo mpaka lero adalembedwa mu 1744, ndipo mtunda wa mayadi 22 pakati pa woponya ndi womenya mpira sudasinthe kufikira tsopano. Mudzi umene udatchuka koposa ndi Hambledon, m'chigawo cha Hampshire. Mtsogoleri wa timu yake, Richard Nyren, adali mwini nyumba ya alendo yoyandikana ndi bwalo, ndipo osewera ambiri adali alimi ndi amisiri a m'midzi yozungulira. Mu 1777 timu yokonzedwa ndi kalabu ya mudzi umenewu idagonjetsa akatswiri osankhidwa kuchokera m'zigawo zina zonse za England.

Ngakhale malamulo ena adabadwa pa mikangano ya masiku amenewo. Mu 1771 munthu wina dzina lake Thomas White adabwera ndi thabwa lomenyera mpira lotambalala mpaka kuphimba timitengo tonse timene woponya amalunjika. A ku Hambledon adadandaula, ndipo padaikidwa lamulo loti thabwalo lisapitirire mainchesi 4 ndi kota m'lifupi. Nthawi imeneyo timitengo tidali tiwiri tokha. Mu 1775 woponya wina, Lumpy Stevens, adadutsitsa mpira katatu pakati pa timitengoto osagwetsa kanthu, ndipo womenyayo, John Small, adapulumuka. Anthu adaona kuti nkosalungama, nawonjezera kamtengo kachitatu pakati. Ulamuliro wa masewerowa udasamukira ku London pamene Marylebone Cricket Club idakhazikitsidwa mu 1787, komabe midzi sidaleke kusewera. Mu 1972 magazini ya The Cricketer idayambitsa chikho cha midzi yokhayokha, ndipo matimu awiri otsiriza amakakumana pa Lord's, bwalo lolemekezeka koposa pa kiriketi.

Angerezi atafalikira m'maiko ena, kiriketi idawatsata, koma sidalandiridwe mofanana. Ku zilumba za Trobriand, ku Papua New Guinea, mmishonale William Gillmore adaiphunzitsa mu 1903 pofuna kuti ilowe m'malo mwa nkhondo za pakati pa midzi. Eni dziko adaisandutsa yawoyawo. Timu imakhala ndi anthu ochuluka monga momwe abwerera, amavina ndi kuimba wina akatulutsidwa, ndipo zonse zimathera pa phwando. Pafupi ndi ife, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, masukulu a mishoni monga Lovedale adaphunzitsa kiriketi kwa ana achikuda, ndipo anawo adapita nayo kumidzi kwawo. Midzi ya Axhosa yozungulira King William's Town idayamba kupikisana pa nyengo ya Khirisimasi, mphoto yake nkukhala nyama ya nkhosa. M'mudzi wina wa kumeneko, Mdingi, mudabadwa Makhaya Ntini mu 1977. Adali mbusa wa ng'ombe, koma mu 1998 adakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu timu ya dziko la South Africa pa masewero aakulu a Test. Adasewera masewero otere 101 natulutsa omenya 390.

Dzina la Lovedale silachilendo kwa amene tidaphunzira mbiri ya dziko lathu. Nkumene adachokera William Koyi ndi anzake atatu amene adabwera mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia. Kotero njira yochokera ku Eastern Cape kudzafika kuno idalipo. Nanga bwanji kiriketi sidafike m'midzi yathu monga idachitira kumeneko?

Yankho lagona pa malo amene masewerowa adafikira. Dziko lino lidakhala pansi pa Britain mu 1891, ndipo pofika 1896 azungu adali atatsegula Blantyre Sports Club. Ku Zomba adali ndi Gymkhana Club, amwenye nawo adali ndi kalabu yawo ku Limbe. M'nthawi ya atsamunda makalabu amenewa adali a eni ake okha. Mwana wa dziko lino ankalowamo kukadula kapinga, kuthirira bwalo ndi kuperekera tiyi. Mpira wamiyendo udadutsa m'masukulu a mishoni ndi a boma, ndipo sufuna zambiri. Chikulunga cha nsanza ndi miyala inayi ya magoli zakwana. Kiriketi idatsala kuseri kwa mpanda pamodzi ndi mbiri yoti imafuna zipangizo zodula.

Ife a ku Mwanza tili ndi gawo lathu m'nkhaniyi. Dera la Inkosi Kanduku lili panjira yotulukira pa Zobue kupita ku Tete, imene makolo athu ambiri adadzera popita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni kukafuna ntchito. Ena mwa iwo adagwira ntchito m'makalabu ndi m'masukulu a azungu, naona kiriketi ndi maso awo. M'mudzi mwathu mudali mtchona wina wotere, amene tonse tinkamutchula kuti agogo. Iwo adakhala zaka zambiri ku Rhodesia akusamala bwalo la kalabu ina. Ankadziwa kusalaza pobayira mpira, kulemba mizere ya laimu, ngakhale kuwerenga zigoli, koma pa zaka zonsezo sadaloledwe kugwira thabwa ndi kumenya mpira pabwalo limene manja awo adakonza.

M'chilimwe cha 1993, ine ndili Sitandade 8, agogowa adaganiza zoti ana a m'mudzi alawe chimene iwo adamanidwa. Adasema mathabwa awiri ndi kasemasema, nadula nsungwi zisanu ndi imodzi za timitengo. Mpira udali wa tenesi wothetheka ubweya, umene mphunzitsi wina adatibwereka. Bwalo lidali padambo louma pamene ng'ombe zidadya udzu mpaka kufupika. Mtunda adauyeza ndi mapazi, osafuna chingwe.

Potiphunzitsa sadavutike, chifukwa adayambira pa zimene tinkadziwa kale. Adati, "Ana inu, nsikwa mumaidziwa? Pa nsikwa mumagwetsa zitsononkho za mnzanu. Pano woponya akufuna kugwetsa nsungwi, ndipo iwe wa thabwa ndiwe mlonda wake." Adafotokoza kuti mbali iliyonse ikhale ndi anthu 11. Omenya amalowa awiriawiri, ndipo mpira ukamenyedwa amathamanga kusinthana malo, ulendo uliwonse nkukhala chigoli chimodzi. Mpira ukagubuduka mpaka kutuluka m'malire ndi zigoli 4, ukauluka osagunda pansi ndi 6. Womenya amatuluka nsungwi zikagwa, kapena wina akawakha mpira m'malere, kapenanso akapezeka asadafike pamzere. Woponya amaponya kasanu ndi kamodzi, kenaka amapatsa mnzake. Za kuwakha ndi kuzinda sizidatipatse vuto, poti fulaye tidakula naye. Chovuta chidali kuponya mkono uli chiwongokere, osapinda chigongono.

Patapita milungu ingapo tidaitana anzathu a mudzi wa tsidya lina la mtsinje. Pofika kumapeto kwa 1992 dziko lino lidali ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo ku Mwanza adalipo ambiri, ena m'misasa, ena pakati pathu m'midzi. Mgwirizano wa mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mabanja adali atayamba kubwerera. Pafupifupi theka la timu ya tsidya lija adali anyamata a ku Mozambique, amene tinkalankhula nawo chinenero chimodzi koma nthawi zina tinkanyozana nawo pa chitsime ndi pa nkhuni. Akuluakulu ena adaopa kuti masewerowo athera pa ndeu.

Agogo adaimira pakati, atavala jekete lawo loyera lakalekale. Asadayambe adati, "Pano palibe kukangana ndi woweruza. Ndikakweza chala, watuluka, uzipita mwaulemu. Ndipo mnzako wa mbali ina akamenya bwino, umuombere m'manja." Zigoli ankawerenga mtsikana wina poponya nyemba m'chipande. Alendo adayamba kumenya napeza zigoli 47. Pakati pa masewero amayi adabweretsa thobwa ndi mbatata yootcha, ndipo agogo adalamula kuti tidyere pamodzi, osati mbali ndi mbali, chifukwa ndiwo mwambo wa kiriketi. Ife titalowa, anyamata athu amphamvu adafuna kumenya mpira uliwonse kuti ukagwe kutali, ndipo adatuluka motsatizana. Amene adatigwirira adali kamnyamata kowonda kamene kankangotchinga mpira ndi kuba chigoli chimodzichimodzi. Paja kuona maso a nkhono nkudekha. Komabe tidatha tonse pa 44, ndipo wotsiriza adawakhidwa ndi mnyamata wa ku Zobue amene adadumphira m'chiputu. Mphoto idali dengu la manachesi, ndipo opambanawo adaligawa pakati. Ndeu sidachitike. Chaka chotsatira ambiri a anyamata aja adabwerera kwawo, agogo nawo adafooka, ndipo mathabwa aja adathera pamoto. Padalibe sukulu kapena bungwe loti lipitirize zimene munthu mmodzi adayamba.

Pa mlingo wa dziko zinthu zasintha. Kuyambira 1989 Malawi inkasewera m'timu ya East and Central Africa pamodzi ndi Zambia, Tanzania ndi Uganda, mpaka mgwirizanowo udatha mu 2003. Mu 2017 bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse la ICC lidakweza maiko ang'onoang'ono, kuphatikizapo lathu, kukhala mamembala a gulu la associate. Timu yathu ya amayi idasewera masewero ake oyamba ovomerezeka a T20 ku Gaborone mu Ogasiti 2018. Ya abambo idayamba mu Novembala 2019 pa Lilongwe Golf Club, pa chikho cha Kwacha, ndipo idapambana masewero 5 nkugonja kamodzi. Adani ake pa chikhocho adali a Mozambique, zimene zidandikumbutsa dengu la manachesi lija. Mu 2023 kudavomerezedwa kuti kiriketi idzaseweredwe pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028, koyamba chichokere mu 1900. Mtundu wa T20 umatha m'maola atatu okha, kotero dandaulo loti kiriketi imadya masiku lidachepa mphamvu.

Phunziro la mbiriyi ndi lakuti masewero amakhala ndi moyo pamene apeza sukulu yowasunga ndi mudzi wowatenga ngati ake. Ku Eastern Cape zonse ziwiri zidalipo, ndipo mbusa wa ng'ombe adafika pa Lord's. Kwa Kanduku kudali nkhalamba imodzi ndi kasemasema. Ana athu ali ndi maso akuthwa ndi mikono yolunjika, monga adziwira aliyense amene adaonapo mwana akugenda mango. Chimene akusowa ndi munthu wowaonetsa, ndi malo oti azibwererako sabata ndi sabata.

Tsono pempho langa kwa komiti ndi kwa inu nonse ndi ili. Pa ndalama zimene timasonkha, tipatuleko pang'ono zogulira mipira ya tenesi, mathabwa tikapangitse kwa akalipentala a pa Mwanza boma, ndipo tilembere a Cricket Malawi kupempha kuti aphunzitse aphunzitsi awiri a sukulu yathu, wamwamuna ndi wamkazi. Kenaka pa tsiku limene timakumana chaka ndi chaka tidzasewere, ife akale ndi ana a sukulu, ndi kuitana midzi yoyandikana kuti idzaonere ndi kuyesako. Mimba zathu zakula ndipo mwina ana adzatichititsa manyazi, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imene idalemera nkhalamba imodzi singalemere bungwe lonse. Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi lemberani mlembi wathu msonkhano usadafike.