Mbiri ya Tikiti ya Ulendo

Kale makolo athu ankaoloka Zambezi pa bwato. Mlatho wa pa Tete unatha kumangidwa m'caka ca 1973, ndipo mabasi anayamba kudutsa pamwamba pa madzi.

Pa nthawi ya nkhondo tikiti yokha sinali yokwanira. Wapaulendo ankafunikanso kalata ya cilolezo, guia de marcha. Magalimoto opita ku Zóbuè ankayenda mondondozana, asilikali akuwaperekeza. Mtendere wa 1992 unatsegulanso miseu.

M-Pesa inafika m'Mozambique mu 2013. Lero makampani ena amagulitsa matikiti pa foni.

Papepala kapena pafoni, tikiti imanena tsiku, ola, mtengo ndi nambala ya mpando. Tikaiwerenga tokha, basi sitisiya, ndipo wakuba satinamiza.