Mbiri ya Maphunziro Otengedwa ndi Aliyense pa Yunivesite ya Columbia

Pa Yunivesite ya Columbia, mumzinda wa New York, pali maphunziro amene wophunzira aliyense wa ku koleji yake ya Columbia College ayenera kutenga, kaya akufuna kudzakhala dokotala, loya kapena katswiri wa masamu. Dongosololi limatchedwa Core Curriculum, ndipo linayamba mu 1919.

Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, boma la America linapempha makoleji kuti aziphunzitsa anyamata okonzekera usilikali zifukwa za nkhondoyo. Nkhondo itatha, aphunzitsi a ku Columbia anayambitsa phunziro la Contemporary Civilization, lounika mavuto a mtendere ndi ulamuliro. Mu 1937 anawonjezerapo phunziro la mabuku akale, momwe ophunzira amawerenga zolemba za Homer, Plato ndi Dante. Maphunziro a zaluso ndi nyimbo anakhazikika mu 1947.

Chiyambire, maphunzirowa amachitikira m'timagulu, masiku ano ta anthu pafupifupi 20, kuti aliyense apeze mpata wolankhula ndi kutsutsana ndi anzake. Zimenezi zimalira aphunzitsi ambiri komanso ndalama zochuluka. Phunziro la Frontiers of Science, loyamba mu 2004, limaphatikiza njira ziwiri: ophunzira amamvera mphunzitsi limodzi m'holo yaikulu, kenako n'kukakambirana m'timagulu.