Difu ndi nambala yake

Amakaniko akamati difu amatanthauza bokosi la magiya lomwe lili pakati pa mawilo akumbuyo, lolandira mphamvu kuchokera ku shafti n'kuigawira mawilo awiriwo. Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti differential, onena za kusiyana: pokhota, wilo lakunja limayenda mtunda wotalikirapo kuposa lamkati, ndipo difu ndiyo imalola zimenezi.

Wokonza galimoto zakale amafunsanso nambala yake. Pa difu yotchuka ya Ford ya mainchesi 9, yomwe inayamba mu 1957, giya lalikulu likakhala ndi mano 37 ndipo laling'ono 9, nambalayo ndi 37 kugawa ndi 9, yomwe ndi 4.11. Apa shafti imazungulira kanayi ndi pang'ono kuti mawilo azungulire kamodzi. Galimoto yotere imanyamuka mwamphamvu, koma pa ulendo wautali imamwa mafuta.

Ford inkadinda nambalayi pa kachitsulo komangidwa pa bawuti ya difu. Komatu kamatayika, ndipo nthawi zina magiya anasinthidwa kale. Zikatero, kuti apeze nambalayo pa difu wamba, makaniko amakweza wilo limodzi pa jeke, kulemba choko pa shafti, kuzungulitsa wilolo kawiri, n'kuwerenga kuti shafti yazungulira kangati.