DZINA LA CHIDYAONGA

Munthu akayenda m'midzi ya m'boma la Ntcheu, kuchokera ku Lizulu kutsikira ku Kasinje, nafunsa maina a anyamata amene akomana nawo panjira, adzamva maina ambiri okoma. Wina adzati ndine Limbani, wina Kondwani, wina Yohane, winanso Madalitso. Koma angathe kuyenda masiku ambiri, mapazi mpaka kutupa, osapeza mwana woitanidwa kuti Chidyaonga. Komatu ili ndi dzina la munthu amene anatsogolera Angoni a kwa Maseko pobwerera kudziko lino, nasunga mpando umene ana a Gomani akhalapo kufikira lero. Tiyeni tione kumene dzinali linachokera, ndi chifukwa chake lasowa chotere.

Poyamba tiliswe dzinali monga tiswera mtedza. M'kati mwake muli timawu titatu: chi, dya, onga. Onga, umene ena amati wonga, ndi ufa wakuda uja ankathira m'mfuti kuti ilire. Chifukwa cha ichi ena amalemba Chidyawonga, ndipo dzina ndi lomwelo. Kamawu koti chi ndi kokuza chinthu, monga ka ndi kochepetsa. Fisi wamkulu timati chifisi, muzu waung'ono timati kamuzu. Chotero Chidyaonga ndiye kuti chimunthu chodya onga.

Musaganize kuti ankaumwera m'phala. M'chinenero chathu kudya sikuli pa nsima pokha ayi. Timati chiswe chadya mzati, dzimbiri ladya khasu, ndiye kuti chinthucho chatheratu. Wodya onga ndi munthu amene onga wa adani ake umathera pa iye, iye ali chiimire.

Kuti timvetse bwino tiyenera kudziwa mfuti za masiku amenewo. Zinali mfuti za gogodera, zimene amalonda ankabwera nazo kuchokera kunyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, nagula nazo minyanga ya njovu ndi akapolo. Mwini mfuti ankathira onga kukamwa kwa mfutiyo, naika chipolopolo, nagogoda ndi kamtengo kuti zitsike. Akaomba kamodzi, basi, ayambirenso kuthira. Onga ukanyowa ndi mvula mfuti inali ndodo chabe. Tsono Angoni sankadalira mfuti. Zida zawo zinali chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo yaifupi yolasira pafupi, ndi chibonga. Ankhondo olimba mtima ankapirira kulira koyamba kwa mfutizo, utsi usanathe n'kukhala atafika kale pakhosi pa adani. Kudya onga kunali kumeneko, ndipo sikunali kwa munthu wa mtima wa nkhuku.

Nanga munthuyu anali yani? Angoni a kwa Maseko anachoka kum'mwera, kudziko la Aswazi, m'zaka za m'ma 1820, pamene nkhondo za Shaka mfumu ya Azulu zinabalalitsa mitundu. Mtsogoleri wawo anali Ngwana. Iwowa tisawasokoneze ndi Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Amenewo ndiwo makolo a Angoni a ku Mzimba ndi a kwa Mpezeni ku Chipata. A Maseko anaoloka paokha, padoko lina, ndipo mwana wa Ngwana, dzina lake Mputa, anawapititsa kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi mpaka ku Songea, m'dziko limene lero tikuti Tanzania.

Ku Songea anakhalako zaka zambiri, kufikira anafikako Angoni ena, a kwa Gama, ochokera m'gulu la Zwangendaba. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Magulu awiriwo anayambana, Mputa anaphedwa, ndipo a Maseko anapirikitsidwa. Izi zinachitika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1860. Mwana wa Mputa, amene anayenera kulowa ufumu, anali Chikuse, koma anali akali wamng'ono. Apa mpamene anaimirira Chidyaonga, m'bale wake wa Mputa.

Taganizani katundu amene munthuyu anasenza. Mfumu yafa, mtundu wagonja, kumbuyo kuli adani, kutsogolo kuli Ayao a mfuti. Anali ndi akazi, ana, nkhalamba ndi ng'ombe, zonse zofuna kudya. Anawaolotsa mtsinje wa Ruvuma, natsika nawo kum'mwera, naoloka Shire, nakwera nawo mapiri kufikira ku Domwe, cha m'ma 1870. Phiri la Domwe lili ku Angonia, m'dziko la Mozambique, pafupi ndi Dedza. Masiku amenewo malire kunalibe. Anadza ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi m'chaka cha 1891, ndipo ndiwo aja mumaona pa Lizulu, pamene munthu angodumpha mseu n'kukhala ali m'dziko lina.

Sitiyenera kubisa kuti ulendo umenewu unali wa misozi kwa eni dziko. Midzi inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, anthu anagwidwa. David Livingstone, poyenda m'mbali mwa Ruvuma m'chaka cha 1866, anapeza dziko lili ndi njala ndi mantha chifukwa cha ankhondo amene anthu ankawatcha Mazitu. Dzina limene Angoni ankalitchula monyadira, ena ankalimva ali m'mapanga.

Tsono pali chinthu china chimene dzinali litiululira, ndipo kwa ine ndicho chokondweretsa koposa. Dzinali si la Chingoni. M'chinenero cha makolo a kum'mwera kudya amati ukudla, ndipo mbale wa Mputa sakanabadwa ndi dzina la mawu a kunyanja kuno. Ili ndi dzina limene munthu amalipata atakula, ndi ntchito za manja ake, ndipo analitcha ndi anthu olankhula monga tilankhulira ife. Angoni ankatenga anyamata a mitundu imene anaigonjetsa nawalowetsa m'magulu a nkhondo, nakwatiranso akazi a mitunduyo. Mwana amayamwa chinenero pamodzi ndi bere. Chotero Angoni anagonjetsa ndi nthungo, koma anagonja pa lilime. Mverani maina a mafumu ena a ku Ntcheu: Njobvuyalema, Tsikulamowa. Palibe Mchewa amene angafunse tanthauzo lake. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mawu aulemu onga Inkosi ndi Bayete, ndi m'ziwongo zonga Maseko, Ngozo ndi Phungwako.

Chidyaonga anamwalira ku Domwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Iye anali ndi mwana wake wamwamuna, Chifisi, katswiri pa nkhondo. Anthu ambiri akalawa mpando safuna kuuleka, ndipo akafa amafuna utsale m'nyumba mwawo. Koma ufumu unabwerera kwa mwini wake, Chikuse mwana wa Mputa. Chidyaonga anali msungi, ndipo chosungitsidwacho chinafika chamoyo m'manja mwa mwini.

Chifisi sanakondwere nazo. Anapatuka ndi anthu ake, ndipo mtundu umene unapulumuka pamodzi ku Songea unagawika pawiri. Chikuse ndi Chifisi anamwalira onse m'chaka chimodzi, cha 1891, koma udani sunalowe nawo m'manda. Gomani mwana wa Chikuse anamenyana ndi Kachindamoto wa m'nyumba ya Chifisi, ndipo pomaliza a Kachindamoto anatsikira kunyanja, nakhazikika ku Mtakataka m'boma la Dedza. Gomani sanakhalitse. M'mwezi wa October 1896 asilikali a boma la Angerezi anamugwira namuombera. Mfuti zawo sizinali za gogodera, zinali zoomba mobwereza msanga, ndipo onga wotere panalibe chishango choudya. Manda ake ali pa Nkolimbo, pafupi ndi boma la Ntcheu, pamene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pamwambo wa Umhlangano.

Apa tayamba kuona chifukwa chake dzinali silimveka m'mabwalo osewerera ana ku Ntcheu. Dziko la Ntcheu linatsala m'manja mwa nyumba ya Gomani, ndipo mbewu ya Chidyaonga inapita kunyanja. Kholo la ku Lizulu la masiku amenewo likadatcha mwana wake dzina la atate wa Chifisi, anzake akadalifunsa kuti mtima wake uli mbali iti.

Ngakhale pakadapanda udani, dzina lotere silipatsidwa kwa khanda. Mwana akabadwa, amene amutcha dzina amayang'ana zimene zili m'mudzi kapena m'mtima mwake. Ngati pakhomo pagwa zovuta amati Mavuto, ngati mwana anamudikira nthawi yaitali amati Mphatso. Koma kakhanda ka masiku asanu ndi awiri, kongotuluka kumene m'chikuta, kadya onga uti? Kukatcha Chidyaonga kuli ngati kuveka mwana nthenga za ngwazi asanaone nkhondo. Ndiponso maina a akuluakulu sangotoledwa ngati nkhuni. Dzina la mfumu munthu amachita kulowa, akulu atagwirizana, ndipo munthu wamba wolitenga yekha angaoneke wachipongwe.

Kenaka inafika mishoni. Ku Livulezi, ku Dombole, ku Gowa ndi ku Mlanda kunamangidwa masukulu, ndipo ku Nzama ansembe a Chikatolika anafika m'chaka cha 1901. Wobatizidwa ankasankha dzina latsopano, kawirikawiri la m'Buku Lopatulika. Ngakhale mwana wa Gomani, amene analowa ufumu m'chaka cha 1921, tikumudziwa ndi dzina loti Philip. Ndiye uja anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma n'kumuchotsa pampando m'chaka cha 1953. Kulimba mtima kunalipobe m'banjamo, koma kunavala dzina lina. Pambuyo pake makolo anabwerera ku maina a chinenero chathu, koma anasankha a mtendere ndi a kuthokoza, onga Chisomo ndi Chikondi. Nkhondo za nthungo zinali zitatha, ndipo onga weniweniwo ana ambiri a lero sanauonepo.

Komabe dzinali silinafe. Linachoka kutsogolo n'kupita kumbuyo, ndiye kuti lero limamveka monga dzina la banja, ndipo ena amaliphatikiza ndi chiwongo cha Maseko. Ufumu wa Kachindamoto ku Mtakataka umawerengedwa kuti ndi wa nyumba ya Chidyaonga. Amene afuna kulimva likutchulidwa ndi ulemu wake wonse atsike phiri la Golomoti, akakhale pansi ndi akuluakulu a kunyanjako, nawafunse mayina a makolo awo kuyambira kwa Ngwana.